Mafunso Anu: Kodi Makasino a Sweepstakes ku America Ndi Juga Kapena Ayi?

Makalata ambiri a mwezi uno achokera kwa awerengi athu okhala ku America, ndipo akukhudza nkhani imodzi, ya makasino a pa intaneti amene amadzitcha kuti ndi a sweepstakes. Mafunso ofanana tawaphatikiza, ndipo mayina a olemba tawasunga. Malamulo amene tatchula pano ndi monga analili pakutha pa chaka cha 2025.

A Mkonzi, kuno ku Texas kasino wa pa intaneti saloledwa. Koma pa Facebook ndikungoona otsatsa masewera ofanana ndendende ndi makina a juga, ndipo anzanga akuntchito akuti amatapako ndalama zenizeni. Zikutheka bwanji? — Bambo wa ku Texas

Bambo, chinsinsi chagona pa momwe malamulo a ku America amafotokozera juga. M'zigawo zambiri za dzikolo, juga imakhala pa mafuwa atatu: pakhale mphoto, wopambana apezeke mwamwayi, ndipo wolowa nawo alipirepo kanthu. Fuwa limodzi likachoka, lamulo silitchulanso chinthucho kuti juga. N'chifukwa chake kampani ngati McDonald's yakhala ikuchititsa mpikisano wake wa Monopoly kuyambira 1987 popanda chiphaso cha juga. Mphoto ilipo, mwayi ulipo, koma munthu angathe kulowa nawo osagula kanthu. Mpikisano wotere ndi umene amautcha sweepstakes.

Makasino amene mukuwaonawo anabwereka nzeru yomweyo, n'kupanga makobidi amitundu iwiri. Oyamba, amene ambiri amawatcha Gold Coins, ndi ogula, koma ndi osewerera chabe: ngakhale mutapambana mamiliyoni, simungawasinthe kukhala ndalama. Achiwiri, Sweeps Coins, kampani imati sigulitsa, imangopereka ngati basera. Amenewa ndiwo amasinthika, kobidi limodzi dola imodzi. Ndiye taonani zimene zimachitika pa foni: mukalipira madola 20, mumalandira mulu wa Gold Coins, ndipo pambali pake pamabwera Sweeps Coins 20 kapena 21. Mukalipira madola 100, basera amakhala pafupifupi 100. Kenako mumadina kabatani kosinthira ku masewera a Sweeps Coins, mumasewera makobidiwo kamodzi (makampani ena amafuna katatu), ndipo akakwana malire, amene nthawi zambiri ndi 50 kapena 100, mumapempha kuti akutumizireni ndalama ku banki.

Kampani imene inatchukitsa njira imeneyi ndi VGW ya ku Perth, ku Australia, mwini wake wa Chumba Casino, LuckyLand Slots ndi Global Poker. Ena monga Stake.us, Pulsz ndi McLuck anatsatira.

Maganizo athu sitibisa. McDonald's amagulitsa chakudya chenicheni, ndipo mpikisano wake umatha pakapita milungu ingapo. Kuno mpikisano sutha, umayenda usana ndi usiku chaka chonse, ndipo basera amafanana ndi ndalama imene mwalipira pafupifupi dola kwa dola. Basera akamalingana ndi mtengo wa katundu, funso loti munthuyo wagula chiyani kwenikweni limadziyankha lokha. Akuluakulu oyang'anira juga m'zigawo zambiri amaona choncho. Makampaniwo amatsutsa, ndipo amati ambiri mwa anthu awo amasewera osalipira kalikonse. Mkangano wonse uli pamenepa.

Ndinamva kuti munthu angalandire Sweeps Coins aulere polemba kalata. Ndatumiza makalata khumi ku kampani ina, koma palibe ngakhale imodzi imene yawerengedwa. Ndalakwitsa pati? — Mayi wa ku Georgia

Mayi, njira ya kalatayi ilipodi, ndipo ndiyo mzati umene makampaniwa amatsamira akamanena kuti kulipira n'kosakakamiza. Koma malamulo ake ndi okhwima mwadala, ndipo kaphophonyo kakang'ono kamagwetsa kalata yonse.

Pa makampani ambiri zimayenda motere. Akaunti yanu iyambe yatsimikizidwa ndi chiphaso chaboma komanso umboni wa kumene mukukhala. Kenako mumatenga nambala yapadera pa tsamba la kampaniyo, ndipo nambala iliyonse imagwira ntchito pa kalata imodzi yokha. Mumalemba pa khadi loyera lopanda mizere, lalikulu mainchesi 4 kwa 6, mbali imodzi yokha, ndi dzanja lanu. Mumalemba dzina lanu monga lilili pa chiphaso, imelo ya akauntiyo, adiresi yanu, nambala ija, ndi chiganizo chimene kampaniyo inakonza, osasintha ngakhale liwu limodzi. Khadi limodzi, envulopu imodzi, sitampa yakeyake, ndipo adiresi ya pa envulopu ilembedwenso pamanja.

Makalata ambiri amagwa pa zinthu izi: dzina lofupikitsa m'malo mwa la pa chiphaso, makhadi awiri mu envulopu imodzi, kapepala komata ka adiresi kosindikizidwa ndi makina, nambala yogwiritsidwa kale ntchito, kapena chidindo cha positi chosonyeza kuti kalata yachokera kuchigawo china osati chimene munalembetsa. Zolemba zosawerengeka bwino nazonso amazitaya. Ndipo musayembekeze kuti akuuzani chifukwa chake, popeza malamulo awo amawapatsa mphamvu yokana popanda kufotokoza. Ngakhale kalata yolembedwa bwino ingatenge milungu yambiri isanawerengedwe.

Werengeraninso phindu lake. Sitampa wamba inafika masenti 78 mu July 2025, kuwonjezera envulopu, khadi ndi nthawi yanu, pamene kalata imodzi imabweretsa makobidi owerengeka chabe. Otsutsa makasinowa amatenga mfundo yomweyi kupita nayo kukhoti: wolipira amalandira makobidi m'kanthawi kochepa ndi chala chimodzi, wosalipira amadikira mwezi. Iwo amati khomo lopapatiza chonchi silingapangitse nyumba yonse kukhala yaulere.

Dziko ndi limodzi, bwanji lamulo likusiyana malo ndi malo? Kodi boma lalikulu silinanenepo kanthu? — Wophunzira wa ku Ohio

Ku America nkhani ya juga ili m'manja mwa zigawo 50 zija, chilichonse ndi nyumba yake ya malamulo. Malamulo a boma lalikulu alipo, koma ambiri amatsamira pa a zigawo. Lamulo la UIGEA la 2006 limaletsa mabizinesi a juga kulandira malipiro a juga yosaloledwa ya pa intaneti, koma silinena lokha kuti yosaloledwayo ndi iti. Limasiyira malamulo ena, makamaka a chigawo chimene wosewera ali. Lamulo la 1970 lolimbana ndi mabizinesi a juga limagwira ntchito pokhapokha bizinesiyo ikuphwanya lamulo la chigawo, ikuyendetsedwa ndi anthu asanu kapena kuposa, ndipo yatha masiku opitirira 30 kapena yapeza madola 2,000 tsiku limodzi. Lamulo la Wire Act la 1961 nalo, loletsa kutumiza uthenga wa kubetcha pa waya kudutsa malire a zigawo, khoti la apilo la First Circuit linagamula mu 2021 kuti limakhudza kubetcha pa masewera a mpira ndi ena otero basi.

Choncho zonse zimabwerera ku mawu a lamulo la chigawo chanu, ndipo ambiri mwa malamulo amenewo analembedwa foni za m'manja zisanabwere. Amakamba za makina oponyamo kobidi, nyumba zotchovera juga ndi matikiti a lotale. Zigawo zimasiyananso pa tanthauzo la kulipira, pa kuchuluka kwa mwayi kumene kumapangitsa masewera kukhala juga, ndi pa zimene zingatchedwe chinthu chamtengo. Makasinowa anamera m'ming'alu imeneyi.

Dziwaninso chifukwa chake ali ndi makasitomala ochuluka. Pofika 2025, zigawo zisanu ndi ziwiri zokha ndi zimene zinali ndi makasino a pa intaneti a chiphaso: New Jersey, Delaware, Pennsylvania, West Virginia, Michigan, Connecticut ndi Rhode Island. Kumeneko kampani imalipira msonkho wa juga, ndipo ku Pennsylvania umafika 54 peresenti pa masewera a makina. Makina ake amayesedwa, ndipo osewera ayenera kukhala a zaka 21. Makasino a sweepstakes salipira msonkho wa juga umenewu, ndipo ambiri akhala akulandira anthu a zaka 18. Eni makasino a chiphaso, pamodzi ndi mitundu ya eni nthaka a ku America imene imayendetsa makasino pansi pa lamulo la 1988, ndiwo akhala patsogolo kukankha kuti aletsedwe. Mkanganowu ndi wa chitetezo cha anthu, komanso ndi wa msika, ndipo n'kwabwino kuona mbali zonse ziwirizo.

Kodi makhoti anagamulapo kale? Ngati anagamula, bwanji makampaniwa adakalipo? — Bambo wa ku Maryland

Zigamulo zilipo, ndipo zambiri sizikomera nzeru ya basera ija. Koma zimakhudza achibale a makasinowa, ndipo chilichonse chimagwira ntchito m'dera lake lokha.

Makasino a pa foni asanatchuke, kunali timashopu ta kompyuta totchedwa sweepstakes cafe. Munthu ankagula nthawi ya intaneti kapena khadi loimbira foni, n'kupatsidwa mapointi aulere oti akasewere pa kompyuta yooneka ngati makina a juga. Ambiri nthawi ya intaneti ija sankaigwiritsa ntchito n'komwe, ndipo oweruza anaona zimenezo. Khoti lalikulu la North Carolina linavomereza lamulo loletsa makinawa mu 2012. Florida inawaletsa mu April 2013, pambuyo pa mlandu wa bungwe la Allied Veterans of the World loyendetsa timashopu totere, umene unachititsanso kuti wachiwiri kwa bwanamkubwa, Jennifer Carroll, atule pansi udindo. Khoti lalikulu la California linagamula mu 2015 kuti makompyuta oterewa ndi makina a juga osaloledwa. Mfundo imene inapambana m'malo ambiri ndi yakuti woweruza ayang'ane chimene anthu akulipirira, osati dzina limene kampani yapatsa katundu wake.

Chigamulo china chachikulu ndi cha mlandu wa Kater ndi Churchill Downs mu 2018. Masewera a Big Fish Casino, amene mlanduwu unkakhudza, sankapereka ndalama n'komwe, koma khoti la apilo la Ninth Circuit linati pansi pa lamulo la chigawo cha Washington, makobidi osewerera ndi chinthu chamtengo, chifukwa amamupatsa munthu mwayi wopitiriza kusewera. Nkhaniyo inatha ndi mgwirizano wolipira madola 155 miliyoni mu 2020. Taonani kulemera kwake: ngati Gold Coins enieniwo ali amtengo, ndiye kuti ku Washington ngakhale mbali yosewerera chabe ija ili m'madzi. N'chifukwa chake makampani ambiri anatseka khomo kwa anthu a ku Washington kalekale, pamodzi ndi a ku Idaho. Koma kwanu ku Maryland, mu 2017, khoti la Fourth Circuit linakana dandaulo la wosewera masewera ena a pa foni, ponena kuti pansi pa lamulo la kumeneko iye sanaluze ndalama. Mawu a malamulo awiriwo anali osiyana, zigamulo zinasiyananso.

Chimene chimachedwetsa yankho lomveka n'chakuti milandu yambiri simafika pamapeto. Makampani amasankha kulipira mgwirizano popanda kuvomera kulakwa, monga VGW inachitira ku Kentucky ndi madola 11.75 miliyoni, kapena amakankhira nkhaniyo kwa woweruza wapadera wa kunja kwa khoti, kumene chigamulo sichikhala chitsanzo cha milandu ina. Akalandira kalata ya boma yowalamula kusiya, ambiri amangochoka m'chigawomo mwakachetechete. Kuchoka kumawasungira zigawo zina zonse, pamene kugonja kukhoti kukanapereka chida kwa aliyense wofuna kuwasumira.

Ndi zigawo ziti zimene zaletsa? Ndipo makobidi anga amene ali mu akaunti atani chigawo chathu chikaletsa? — Mayi wa ku California

Chaka cha 2025 ndi chimene chinasintha zinthu. Montana inayamba mu May, pamene bwanamkubwa Greg Gianforte anasaina bilu ya SB 555. Connecticut inatsatira mu June, New Jersey mu August. Kwanu ku California, bwanamkubwa Gavin Newsom anasaina bilu ya AB 831 mu October, ndipo lamulolo linakonzedwa kuyamba kugwira ntchito pa 1 January 2026. Limapereka chilango cha ndende mpaka chaka chimodzi kapena chindapusa cha madola 1,000 mpaka 25,000, ndipo silikhudza eni kasino okha: limafikanso kwa okonza masewera, oyendetsa malipiro ndi otsatsa malonda amene akuthandiza bizinesiyo akudziwa. Ku New York, Letitia James, mkulu wa zamalamulo wa chigawocho, analengeza mu June kuti makasino 26 asiya kugulitsa makobidi kumeneko atalandira makalata ake, ndipo bwanamkubwa Kathy Hochul anasaina lamulo loletsa mu December.

Zigawo zina sizinafune lamulo latsopano. Bungwe loyang'anira juga ku Michigan linatumiza makalata olamula makampani kusiya kumapeto kwa 2023, ndipo linagwiritsa ntchito malamulo amene analipo kale. Nkhani ya Louisiana ndi yophunzitsa kwambiri. Aphungu anavomereza bilu yoletsa mu 2025, koma bwanamkubwa Jeff Landry anaikana, ponena kuti masewerawa ndi oletsedwa kale ndipo bilu ina njosafunika. Posakhalitsa bungwe loyang'anira juga kumeneko linatumiza makalata ambirimbiri kwa makampani. Choncho mukamva kuti chigawo chakutichakuti chilibe lamulo loletsa sweepstakes, musamve ngati akuti chinaloleza. Kusatchulidwa m'lamulo ndi kupatsidwa chiphaso ndi zinthu ziwiri zosiyana kutalitali.

Kunena za makobidi anu, mayi, kampani ikamachoka imatseka pang'onopang'ono. Imayamba kuletsa kugula ndi kulandira Sweeps Coins atsopano, kenako imaletsa kusewera nawo, ndipo pomaliza imatseka kutapa. Masiku ake imalengeza pa imelo, ndipo nthawi zambiri imelo imeneyo imagwera m'bokosi la zotsatsa malonda, mwini wake osaiona. Anthu amaluza ndalama m'njira zitatu. Ena amatsala ndi makobidi osakwana malire otapira. Ena ali ndi makobidi amene sanawasewere kamodzi kaja, ndiye satapika. Ena sanatsimikize akaunti, ndipo amadzayamba kutumiza ziphaso tsiku lomaliza pamene mzere watalika. Mukangomva kuti bilu yadutsa, siyani kugula, tsimikizani akaunti, jambulani tsamba losonyeza makobidi anu ndi tsiku lake, ndipo tapani zonse zimene zingatapike. Ngati makobidi sakukwana malire a ndalama, yang'anani makhadi ogulira zinthu, chifukwa malire ake amakhala otsika. Musagwiritse ntchito VPN, pulogalamu yobisa kumene muli pa intaneti, kapena adiresi ya m'bale wa kuchigawo china. Kampani ikazindikira, imakhala ndi chifukwa cholembedwa chokulandani zonse.

Ndinapambana makobidi okwana madola 3,000 pa kasino wina. Nditapempha kutapa, akaunti yanga inatsekedwa, ndipo akungondiyankha kuti akufufuza. Ndikadandaule kuti? — Bambo wa ku Kentucky

Pepani bambo, apa ndi pamene kusamveka kwa lamulo kumapweteka munthu wamba. Pa kasino wa chiphaso ku New Jersey kapena ku Michigan, mukanakadandaula ku bungwe la boma limene lili ndi mphamvu yolanga kampaniyo ngakhale kuilanda chiphaso. Kuno bungwe lotero palibe, chifukwa chigawo chanu sichinapereke chiphaso kwa kampaniyo. Palibenso lamulo la juga la chigawo chanu lowakakamiza kusunga ndalama za osewera padera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Yambani ndi kufufuza zifukwa zimene makampani amakonda kupereka: khadi logulira makobidi lili m'dzina la munthu wina, ngakhale mkazi wanu, m'nyumba imodzi muli maakaunti awiri, dzina la ku banki likusiyana ndi la pa chiphaso, adiresi ndi yakale, kapena munabweza malipiro ena kudzera ku banki. Ngati vuto ndi la mapepala, tumizani zonse nthawi imodzi, zooneka bwino, ngodya zinayi za chiphaso zikuoneka. Lembani pa imelo osati pa kabokosi kochezera, ndipo pemphani kuti atchule ndime ya malamulo awo imene akuti mwaphwanya. Sungani malisiti onse. Zikakanika, kadandauleni ku nthambi yoteteza ogula mu ofesi ya Attorney General, mkulu wa zamalamulo wa chigawo chanu. Musathamangire kuuza banki kuti ibweze zimene munalipira musanalankhule ndi loya, chifukwa mukatero kampani imatseka akaunti kotheratu.

Werenganinso mgwirizano umene munavomera polembetsa. Pafupifupi yonse ili ndi ndime yokuletsani kupita kukhoti kapena kulowa mlandu wa gulu, ndipo yambiri imapereka masiku 30 okha kuchokera tsiku lolembetsa oti mukane ndimeyo polemba. Ndi anthu ochepa amene amaiona nthawi ikadalipo.

Koma inu a ku Kentucky muli ndi chida chimene ena alibe. Chigawo chanu chili ndi lamulo lakale lolola woluza pa juga yosaloledwa kusumira kuti abwezeredwe ndalama zake, ndipo ngati iye sanasume pa miyezi isanu ndi umodzi, munthu wina angasume n'kufuna ndalamazo kuchulukitsa katatu. Malamulo otere anachokera ku lamulo la ku England la 1710. Boma la Kentucky linagwiritsa ntchito lamulo limeneli posumira kampani ya juga ya pa intaneti ya PokerStars, ndipo nkhaniyo inatha mu 2021 ndi madola 300 miliyoni. Lamuloli limakhudza zimene munaluza, osati mphoto imene akukukanizani, choncho pitani kwa loya ndi mndandanda wa zonse zimene munalipira, tsiku ndi tsiku.

Kodi ine wosewera ndingamangidwe? Ndili ndi green card, ndipo chaka chamawa ndikufuna kupempha unzika. — Mlongo wanu wa ku Washington

Chemwali, malamulo atsopano a 2025 alunjika makampani ndi owathandiza, osati wosewera. Koma malamulo akale a zigawo zina amati kutchova juga yosaloledwa ndi mlandu kwa wosewera yemwe, ndipo chigawo cha Washington n'chimodzi mwa zokhwima kwambiri. Kuyambira 2006, kutumiza kapena kulandira uthenga wa juga pa intaneti mukudziwa ndi mlandu waukulu kumeneko, wa gulu la felony. Makasino odziwika salandira anthu a ku Washington, ndiye ngati pali wina amene akukulandirani, chimenecho chokha chikuchenjezeni.

Kwa munthu wofuna unzika nkhaniyi ndi yolemera kuposa kwa ena. Fomu yopemphera unzika ya N-400 imafunsa ngati munatchovapo juga yosaloledwa kapena kulandira ndalama zochokera ku juga yotero. Lamulo la zolowa ndi kutuluka m'dziko limanenanso kuti munthu amene ndalama zake zambiri zimachokera ku juga yosaloledwa, kapena amene wapezeka wolakwa pa milandu iwiri ya juga m'zaka zimene akuunika, sangawerengedwe kuti ndi wamakhalidwe abwino. Funso limeneli mumayankha molumbira. Langizo lathu ndi lakuti musiye kusewera lero, musunge mbiri ya zimene munagula ndi kutapa, ndipo mukaonane ndi loya wa nkhani za unzika musanadzaze fomuyo.

Musaiwalenso msonkho. Kwa a IRS, bungwe lotolera msonkho la boma lalikulu, mphoto iliyonse ndi ndalama yoyenera kulembedwa pa fomu ya msonkho ya chaka chimenecho, kaya kampani yakutumizirani fomu ya 1099 kapena ayi, ndipo amene amaunika pempho la unzika amayang'ananso ngati munthu wakhala akulipira misonkho yake. Ngati mukuona kuti kusiya kukukuvutani, imbani 1-800-GAMBLER, ndi yaulere ndipo imayankhidwa usana ndi usiku. Mudziwe kuti mndandanda wa boma wa anthu odziletsa okha kutchova juga umagwira ntchito pa makasino a chiphaso basi. Pa makasino a sweepstakes muyenera kulembera kampani iliyonse payokha, kuipempha kuti itseke akaunti yanu mpaka kalekale ndi kusiya kukutumizirani mauthenga, ndipo yankho lawo mulisunge.